Chisoti m'Nkhokwe

Lelo pa Nyimba wina wataya petulo pafupi nane, ndipo fungo lake landibweza kwathu kwa Kalindawalo.

Atate ankayendela alimi a thonje pa njinga yamoto ya mawilo anayi. M'mawa uliwonse ankadina matayala ndi chala, kuyesa mabuleki, kenako kuvala chisoti chonunkha thukuta ndi petulo. Ankakonda kunena kuti, "Popanda chisoti sindikwela." Ine, pokhala mwana, ndinawakhulupilila.

Tsiku lina ndinafuna kuti aswele pakhomo, andipangile galimoto yamawaya imene anandilonjeza. Ndinabisa chisoticho m'nkhokwe, pansi pa chimanga. Anafunafuna, nandifunsa kuti, "Mwanawe, sunachione?" Ndinapukusa mutu. Amai anati, "Musapite, a Phiri." Atate anayang'ana dzuwa, nati alimi akuwadikila. Analiza njinga.

Inagubuduzika potsikila kudambo, mutu wao n'kumenya mwala. Pamalilo anthu ankangodabwa kuti munthu wosamala chotele anaiwala bwanji chisoti.

Amai anachipeza chimanga chitatha. Anachipukuta, nachipachika pakhoma, ndipo mpaka kumwalila kwao sanandifunse kanthu. Bola akanandimenya.