Nyama ya Mlendo wa Amayi

Choyamba chinali fungo. Inali nthawi ya mango kwathu kwa Kalembo, dzuwa likuswa mtengo, ndipo amayi akawerama kuti andimange duku, m'bulauzi mwawo munkatuluka kafungo ngati ka nsomba yogonera. Anali atasiya kuyamwitsa Saidi, mlongo wanga wakhanda, bere lakumanzere. Ine ndinali sitandade 3.

Azakhali, omwe ankakolopa kuchipatala china ku Balaka, atabwera anangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti imeneyo ndi khansa, apite nawo msanga. Amalume anaimirira. "Iyayi, dzina limenelo pakhomo pano ayi. Chikamva kuti tachidziwa chikwiya." Kuyambira tsikulo tinkangoti mlendo. Mlendo wadzuka bwanji, mlendo lero wavuta.

Ndiye mlendo amafuna kudya. Wina anauza amalume kuti chilonda chotere chimadya mnofu, ukachipatsa nyama ina chimasiya ya munthu. Ankapalasa njinga mpaka pa Ulongwe kukatenga kanyama ka mbuzi, amayi n'kukaika kakawisi pabere, n'kumanga ndi chidutswa cha chitenje. Ife tikudyera therere. Ndisaname, mlendoyo ndinkamuchitira nsanje. Kukacha nyama ija inkachoka yotuwa, ntchentche zikuitsata, ine n'kukaikwirira kuseri kwa bafa, mumtima ndikusangalala kuti wakhuta, lero amayi awasiya. Anamwalira chimanga chisanamasule.

Pano ndili ndi ana awiri, wamng'ono akuyamwabe. Pawailesi akamati katangale ndi khansa ndimazimitsa, iwo amangowatchula mawuwo, fungo lake salidziwa. Mwezi wathawu ndikusamba ndinakhudza kanthu kolimba ngati njere ya bwemba m'bere langa, mbali yomweyo. Masiku atatu sindinauze munthu, ngakhale bambo a ana. Ndinkangoyang'ana anawo akusewera pafumbi, ndikuwerengera kuti wamkuluyu angathe kubereka mnzake kumbuyo, angathe kutunga madzi, monga ndinachitira ine.

Ndili mwana ndinkaona ngati tikakhala chete tikuwabisa amayi kuti chisawapeze. Pano ndimaona kuti tinawabisa kwa anthu amene akanawathandiza. Tsiku lachinayi ndinabereka wamng'ono, wamkulu kudzanja, n'kukwera minibasi. Anamwino atafunsa chandibweretsa, mtsikana wanga wamkulu uja anali tcheru pambali panga. Sindinamutulutse.

"Ndikuopa khansa," ndinatero. "Inatenga amayi anga. Mundiyeze lero lomwe."