Pepala la Pulasitiki Limene Apongozi Anasoka

Chaka chachiwiri cha chikamwini changa ndinapempha dimba. Ndinali munthu wosakhazikika, wa mtima wapachala, ndipo kulima m'munda wa apongozi chaka ndi chaka popanda kanthu kotchedwa kanga kunkandidya mumtima. Atsibweni a mkazi wanga, omwe anali eni mbumba, anandipatsa kachigawo ka kumunsi kwa dambo. Mawu awo sanazungulire: ndiyese nyengo imodzi, zikakanika dimbalo lipite kwa mng'ono wawo amene ankalifunanso.

"Mukuti mufese tomato mu Juni?" anandifunsa akundiyang'ana kuyambira kumapazi. "Kuno ku Dedza? Akamwini, chisanu cha m'dambomu chimapsereza ndi nthochi zomwe."

Ndinawafotokozera zimene ndinaona kudimba la ku mishoni ku Bembeke. Kumeneko mbande ankazifunditsa pepala la pulasitiki loonekera mkati, loyalidwa pa timitengo topinda ngati uta, ndipo chisanu chinkangotsakamira pamwamba. Kuzizira kukatha ankawokera, tomato n'kupsa nthawi imene pamsika pa boma palibe ndi mmodzi yemwe. Atsibweni anangoti tiona, n'kupitiriza kusema mpini wawo.

Vuto linali pepalalo. M'masitolo a pa boma munalibe, ena ankandionetsa timatumba ta shuga ngati ndapenga. Koma apongozi anga aakazi anali ndi msuweni wawo tsidya la malire, ku Mozambiki, amene anali kapitawo pa famu ya kachewere, ndipo anatumiza mawu kuti kwatsala mpukutu wina wosagwira ntchito. Apongozi anali kale ndi ulendo wokazonda matenda komweko, choncho anati adzabwera nawo.

Apa ndiyenera kunena mmene tinkakhalira. Ine ndi apongozi aakazi sitinkayankhulana maso ndi maso, monga mwa mwambo wa kwawoko. Tikakumana panjira iwo ankapatukira kuthengo, ine n'kuyang'ana kumbali mpaka adutse. Mawu alionse ankadzera mwa mkazi wanga. Tsiku loti anyamuka mawa lake ndinawaonera patali ali kudimba kwanga, akuyeza mabedi anga anayi ndi chingwe, akumanga mfundo pothera bedi lililonse. Ndinaganiza kuti akufuna kudziwa ngati mpukutuwo ukwane, ndipo sindinafunse.

Anati akakhala masiku atatu. Ine ndi phuma langa ndinafesa mbewu yonse tsiku lomwe ananyamukalo, osasungako ndi kambewu kamodzi.

Masiku atatu anatha, sabata inatha. Mbande zinamera bwino, zobiriwira, ndipo m'malo mosangalala ndinayamba kudwala nazo mtima. Madzulo alionse ndinkazifunditsa udzu, m'mawa n'kuthamangira kukafundukula, ndikugwiragwira masamba ngati munthu woyesa mwana kutentha thupi. Mphepo yochokera kuphiri inali itayamba kuluma makutu. Ndinkati ndikagwira khasu, maso ali kunjira. Ndikakhala pansi, miyendo inkandinyamula yokha kupita pamtunda poonekera msewu. Mkazi wanga ankandiseka kuti ndikuzungulira ngati nkhuku yofuna kuikira, koma ine sizinkandiseketsa.

Apongozi anafika patatha milungu iwiri, pamutu pali kamtolo ka zovala zawo basi. Mkazi wanga anapita kukawalonjera, nabwera ndi kapepala kodindidwa. Katundu anali atamugwira ku kasitomu, ku ofesi ya msonkho ya pamalire. Anthu a kwathu kuno malire timangowoloka pa tinjira ta m'minda, popeza abale ali uku ndi uko, koma apongozi anali mayi wa tchalitchi wosafuna zozemba. Komanso zaka zimenezo munthu wosenza katundu wachilendo kuthengo ankafunsidwa mafunso ambiri. Anakwera lole, nadzera pamsewu, nakaonetsa katunduyo okha.

M'mawa mwake ndinapalasa njinga, khadi la chipani lili m'thumba la malaya, mpaka ku ofesi ya pamalire. Kalaliki wake anali bambo woonda wovala juzi yotuwa, wolankhula mosathamanga. Atawerenga kapepala kaja analowa m'chipinda, natuluka ndi mtolo womangidwa bwino ndi luzi. Anaumasula pamaso panga.

Sunalinso mpukutu. Anali mapepala anayi, lililonse lodulidwa molingana ndi bedi langa, lopindidwa m'mphepete monse n'kusokedwa ndi ulusi wakuda, msoko waung'onoung'ono wa pamanja. M'makona anasokereramo timakutu ta chitenje toti muzidutsa chingwe.

Kalaliki anatsegula buku lalikulu la msonkho, nanyowetsa chala. Anandionetsa mzere wina, nati pamenepo ndi pa pulasitiki ya mpukutu kapena yongodula, yosasokedwa, ndipo ikakhala ya ulimi msonkho wake ndi wochepa. Kenaka anatembenuza masamba angapo. Apo panali pa zinthu za pulasitiki zopangidwa kale, monga zoyala patebulo, makatani ndi zofunditsa katundu. Msonkho wake atautchula, ndinaona kuti ngakhale nditagulitsa njinga imene ndinakwerayo sindikanakwanitsa.

"Bwana, ichi n'chofunditsa mbande," ndinatero. "Tebulo lotalika chonchi munaliona kuti?"

"Ine ndikukukhulupirirani, bambo," anayankha. "Koma buku silifunsa zimene mukachite nacho. Limafunsa chimene chili pamaso pangapa. Chapindidwa, chasokedwa, chili ndi makutu. Chikanabwera mmene chinachokera ku fakitale, bwenzi pano muli panjira."

Ndinachonderera, ndinakweza mawu, ndinatsitsanso nditakumbukira kumene ndinali. Iye sanakwiye ndipo sanasunthe. Potsiriza anati lamulo sililetsa mwini katundu kubwezera chinthu chake mmene chinalili, bola zichitikire pompo iye akuona. Anamanganso mtolowo n'kuubwezera m'chipinda.

Ulendo wobwerera sindikuukumbuka bwino, ndimangokumbuka kuti unyolo unaguluka kawiri ndipo kachiwiriko njingayo ndinaimenya chibakera. Nditafika sindinalowe n'komwe m'nyumba. Ndinayamba kukalipa ndili pabwalo, njinga ili m'manja.

"Ndani anawatuma? Ndinapempha mpukutu, sindinapemphe diresi la ukwati. Milungu iwiri mbande zanga zikugona ndi udzu, iwo ali phee kusoka zinthu zosawakhudza. Munthu ngati sudziwa kanthu umafunsa."

Mkazi wanga anangoloza ndi mlomo kuseri kwa nkhokwe, kumene apongozi ankapeta. Kupetako kunali kutasiya. Akulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndipo wanga ndinali nditausiya pabwalo la eni ake.

Titalowa m'nyumba anandiuza motsitsa mawu. "Abambo, telala wa kumeneko anakana, anati makina ake ang'amba pepalalo. Amayi asoka okha ndi singano, ndi maso awo aja. Zala zawo mukanaziona. Akuti chiyambire kubwera kwanu pamudzi pano sanakuchitireniko kanthu, ndiye sakanakubweretserani chinthu cha m'mphepete mosasoka ngati chotola kudzala."

Ndinachita manyazi, koma ndisaname, mkwiyo sunathe nthawi yomweyo. Pamwamba pa zonse panali mbande. Kumwamba tsiku limenelo kunali kopanda ndi kamtambo komwe, mphepo itaima, ndipo aliyense wa ku mapiri kuno amadziwa kuti kukatero chisanu chili pafupi. Ndinauza mkazi wanga zimene kalaliki ananena, kuti njira ndi imodzi, kukamasula msoko wonse. Sindinamutume kuti akanene kwa amayi ake. Anapita yekha.

Kutacha tinanyamuka atatu. Ine patsogolo ndikukankha njinga, mkazi wanga pakati, apongozi kumbuyo patali ndithu monga mwa ulemu. Mtima unkafuna kukwera njinga n'kuwasiya, koma ndikacheuka ndinkawaona akubwera ndi kayendedwe kawo komweko, osafulumira, osatsalira.

Kalaliki anatiyalira mapepalawo pakhonde. Apongozi anakakhala kuseri kwa ngodya ya nyumbayo, kundifulatira, mkazi wanga n'kuwakokera pepala limodzi. Anamasula mfundo ya pachitenje chawo, natulutsa malezala awiri, limodzi n'kupatsa mwana wawo kuti andipatse. Anali atawagula okha popanda wowauza.

Msoko umenewo unali wolimba moti ndinatukwana chamumtima kangapo. Pa utali wa chala chimodzi panali timfundo tosawerengeka, tofanana ngati mano a chipeso. Ine ndinkadula mwaphuma, kawiri ndinaboola pepala. Kuseri kuja kunkangomveka kaphokoso ka lezala, pang'onopang'ono, osapuma. Anthu odutsa ndi mitolo yawo ankaima kutiyang'ana, wina anafunsa ngati tikusoka tenti ya msonkhano. Dzuwa linapendeka tisanamalize pepala lachiwiri, ndipo ine maso anali kuthambo nthawi ndi nthawi.

Kalaliki anatuluka, nanyamula mbali imene tinamasula, naiyang'anitsa kudzuwa. Anapukusa mutu. Mabowo a singano ankaoneka mzere wonse, ndipo popinda paja panakana kuwongoka. Anati woyang'anira wake akabwera adzati ndi chinthu chosokedwa chimene angochimasula, ndipo mlandu udzakhala wake. Chotsala chinali kudula m'mphepete monse, msoko ndi makutu omwe.

Ndinayang'ana mkazi wanga, iye anayang'ana kungodya. Kuchokera kumeneko kunamveka mawu a apongozi, olunjika kwa mwana wawo monga mwa nthawi zonse.

"Uwauze adule. Dzuwa likupita."

Kudula sikunatenge nthawi. Ntchito ya milungu iwiri inagwa pansi ngati makoko a nzimbe, ndipo tinatsala ndi mapepala anayi opanda msoko. Kalaliki analemba pa mzere woyamba uja, ndinapereka msonkho wochepawo, nadinda. Ndikumanga katundu panjinga ndinaona apongozi akutola timizere todulidwa tija, kamodzikamodzi, akutikulunga m'chitenje. Ndinaganiza kuti akungosesa pakhonde la boma kuti tisasiye zinyalala.

Kudimba kunatulukira vuto lina. Apongozi anali atayeza ndendende, ndiye titadula m'mphepete pepala lililonse linaperewera, silinkafika pansi mbali zonse ziwiri. Mpata wa chikhatho ndi wokwanira kuti chisanu chilowe. Ndinayesa kutsitsa timitengo, ndinayesa kukoka, sizinatheke. Ndinang'amba pepala lachinayi kuti ndiwonjezere pa atatu aja, n'kutsindira m'mbali ndi dothi. Bedi lachinayi ndinalifunditsa udzu wochindikala kuposa kale.

Chisanu chinagwa m'mawa wachiwiri. Udzu wa m'dambo unali mbuu ngati wawazidwa ufa, madzi a m'chitini ataundana pamwamba. Pansi pa pulasitiki mbande zinali zamoyo, pepala likudontha thukuta mkati. Bedi la udzu lija dzuwa litangotuluka linada, mbande zonse zinagona ngati zathiridwa madzi otentha.

Nkhani yoipa siyenda pang'onopang'ono pamudzi. Ndisanachoke kudimbako atsibweni anafika ndi mng'ono wawo uja, ndipo sanaime pa mabedi atatu amoyo, anapita molunjika pa lakufalo. Mng'ono wawoyo analipondaponda m'mbali ndi phazi, nati nyengo yozizira sinafike ndi pakati pomwe, awa enawa atsatira. Atsibweni anati paja tinapangana kuti zikakanika dimba libwerere. Mkamwini satsutsana ndi eni mbumba pa nthaka yawo, ndipo ndinadziwa kuti ndikatsegula pakamwa ndi mtima wangawu ndiwononga zonse.

Kuseri kwa nthochi za m'malire mwa dimba kunamveka kutsokomola. Apongozi anali pamenepo ndi mkazi wanga, sindikudziwa kuti anafika nthawi yanji. Analankhula kwa mwana wawo, koma mokweza kuti tonse timve.

"Uwauze atsibweni ako kuti bedi lafalo ndi langa. Ndine ndinachedwetsa pepala, ndine ndinaliperewetsa ndi singano yanga. A akamwini ndi atatuwo, awaone bwino. Ngati pali wolanda dimba, ayambe walanda munda wanga wa kumtunda."

Atsibweni anapita pa bedi loyamba, anakweza pepala pang'ono, nasuzumira. Anati tidikire mpaka nthawi yowokera, ndipo anachoka mng'ono wawo akutsatira.

Mabedi atatuwo anapirira mpaka kuzizira kunatha. Ndinawokera, tomato anakula, nayamba kulemera moti ankafunika kumangirira kumitengo. Ndinazika mitengo tsiku lina, ndikuti mawa lake ndipite kuphiri kukasenda luzi. Nditafika kudimba m'mawa ndinapeza mizere iwiri yoyamba yamangidwa kale. Chomangira chake chinali timizere ta pulasitiki tija, ulusi wakuda ukadali momwemo, ndipo pamtengo wakumapeto panali mtolo wa totsala kuti ndimalizire ndekha.

Kupepesa pamaso sikunali kotheka, mwambo sunkalola, ndipo kutuma mkazi wanga kuti akanene mawu amenewo ndinaona kuti n'kopepuka. Dengu loyamba la tomato ndinalisenza ndekha, n'kukalitula pakhomo pawo iwo ali m'nyumba. Dimbalo ndinalima zaka zambiri, ndipo apongozi anamwalira tisanalankhulanepo maso ndi maso.