Buledi wa m'pilo ya Mayi Estere

Ntchito yanga yoyamba ku London anandipezera ndi Nachisale, mnzanga wa kutchalitchi ku Edmonton. "Ku care home kwathu kuli vacancy, tumizani CV lero lomwe," anatero. Sabata yotsatira ndinali nditavala magolovesi ndi epuloni ya pulasitiki, ndikuphunzira kunyamula okalamba ndi makina okwezera, kuwatembenuza pa maola awiri aliwonse, ndi kulemba m'buku la chisamaliro chilichonse chimene adya.

Chipinda chakumapeto chinali cha Mayi Estere, Myuda wobadwira ku Poland, wa zaka zopitirira makumi asanu ndi anayi. Pamkono pawo panali nambala yodindidwa pakhungu. Tsiku loyamba, poyala bedi, ndinapeza zidutswa za buledi wouma m'pilo. Ine ndi ukhondo wanga wa kwathu, ndinakhuthulira zonse m'bini, n'kumadziona katswiri. Mayiwo sanadye tsiku lonse.

Mwana wawo Rute ndiye anandikhazika pansi. Anati amayi ake ali mtsikana, pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, Anazi, gulu lankhanza lodana ndi Ayuda, anawadinda nambala ija n'kuwatsekera mumsasa wozunzirako anthu momwe anapheramo makolo awo ndi ang'ono awo awiri. Kumeneko wopanda kachidutswa kobisa sankafika mawa. Manyazi anandigwira zedi. Kuyambira pamenepo ndinkasintha buledi wakale ndi watsopano iwo akuona, ndipo m'buku mwawo tinalembamo kuti buledi asamachotsedwe.

Sharon, wamkulu wa shifiti yathu, ankazidziwa zonsezi. Sabata imene tinkayembekezera oyendera a boma, pofuna kuti paliponse paoneke paukhondo, analowa m'chipindamo ine ndikupesa Mayi Estere, n'kukutumulira pilo m'bini. "Nkhondo inatha kalekale, mayi, kuno si kumsasa," anatero akuseka. Mayi Estere anatsetsereka pampando n'kukwawira kubini, akulira m'chinenero chimene sindinkachimva. Masiku atatu sanalawe kanthu, mpaka dokotala anayamba kunena za chipatala.

"Musayerekeze ku-reporta," anandinong'oneza Nachisale. "Visa yanu ili m'manja mwa omwewa, ndipo Sharon ndi manager amamwera tiyi limodzi." Sankanama. Koma ine sindinkafuna kuti Sharon apepese ayi. Ndinkafuna agwe, alire, amve kuwawa kolandidwa chimene wachikumbatira. Ndinadzaza fomu ya nkhanza kwa okalamba: ola, mawu ake enieni, kuseka kwake, mbale iliyonse imene inabwerera yodzaza. Oyendera atafika, ndinabwereza zonse pamaso pa manijala. Kwa mwezi wathunthu manijalayo ankandipatsa mashifiti okanidwa ndi aliyense, ndipo sindinkadziwa ngati ndidzakhalabe m'dziko muno.

Sharon anachotsedwa ntchito Lachisanu lina masana. Ndinamuonera pazenera la Mayi Estere akupita kokwerera basi, maso ali psuu, ndipo mtima wanga unakhala m'malo. Kutchalitchi amati tizikhululuka. Ine pa Sharon sindinafikepo, ndipo sindikufulumira.

Ndikadali pazenerapo, Mayi Estere anapisa dzanja m'pilo. Munthu amene sankalola ngakhale mwana wake kukhudza buledi wake ananyema kachidutswa pakati n'kunditambasulira. Kanali kouma gwa, koma ndinakadya konse.

Mpaka lero, m'chipinda cha wokalamba sinditaya chinthu ndisanafunse kuti chinabwera bwanji.