Kalata imene abambo aakulu anatisungira

Ndikukumbukira chaka chimene abambo anga anamwalira, ndipo sindidalira mutu wokha ayi, mapepala ndili nawo. Ndikunena izi chifukwa sabata yatha mdzukulu wanga Wongani anandiuza, maso ali gwa, kuti aphungu aakazi a nthawi ya chipani chimodzi analibe ntchito, ankangovina ndi kuwomba m'manja. Ndinakatsitsa chitini changa cha mabisiketi pamwamba pa kabati. M'menemo muli satifiketi yanga ya ubatizo, malipoti onse a kusukulu, ndi envelopu yakhaki imene ndikufuna kunena lero.

Tinkakhala kumudzi kwa abambo, chakummwera kwa Edingeni. Abambo ankacheka matabwa ku Luwawa, ndipo akabwera kumapeto kwa mwezi nyumba yonse inkanunkhira utomoni wa paini. Amayi anali Mchewa wa ku Kasungu, anthu ankawatcha NyaPhiri. Anali ndi makina osokera opalasa ndi phazi, amene abambo anawagulira ku Mzimba boma, ndipo mayunifolomu ambiri a pasukulu pathu anadutsa pansi pa singano yawo. Chibayo chinawatenga abambo m'nyengo yozizira, ine ndili Sitandade 5.

Kwathu kuja mkazi amalowoledwa ndi ng'ombe, choncho ana ndi akuchimuna. Mwamuna akamwalira, mkazi ankakhala m'nyumba pamphasa mpaka tsiku lometa, osapita kumsika, osalandira kanthu m'manja mwake. Chilichonse chobwera m'dzina lake ankasunga ndi mlamu wake wamkulu. Mlamu wa amayi anali a Yotamu, akulu awo a abambo anga. Iwowa sanabise mawu. Anati amayi alowedwe chokolo, akhale mkazi wawo wachitatu. Akakana, anyamule mphika ndi mphasa abwerere ku Kasungu, koma ana ndi makina zitsale. Za ine anati sukulu yakwana, ndizikathandiza kusoka fodya. Ndinawaona ndi maso angawa akuyeza makina aja ndi luzi, kuti aone ngati angakwane pakhonde la mkazi wawo wamng'ono. Maliro anali asanathe sabata!

Amayi anakumbukira mayi wina, phungu wa Nyumba ya Malamulo, amene nthawi ina anafika ku kalasi ya amayi yosoka ku boma. Akuti anakana mpando, n'kukhala pamkeka, kope pamiyendo, akufunsa akazi amasiye mmodzimmodzi zimene analandidwa. Zimenezo anapita nazo ku Zomba, n'kukazilankhula pamaso pa amuna okhaokha mpaka lamulo loteteza amasiye linadutsa. Masana ena, anthu atapita kudimba, amayi anandinong'oneza mawu a kalata yopita kwa phunguyo, ine n'kumalemba pa pepala limene ndinazula pakati pa kope la samu. Sitampa ndinagula nditagulitsa mazira a nkhuku yanga. Aphunzitsi ataona kope lozulidwa anandikwapula zikoti ziwiri, ndipo mwa zikoti zonse za moyo wanga, zimenezo zokha n'zimene sindidandaula nazo.

Masabata anapita, yankho osaoneka. Amayi anayamba kupinda zovala zawo mwakachetechete. Chimene sitinkadziwa n'chakuti yankho linali litafika kale. Makalata a m'mudzi mwathu ankafikira kutchalitchi, ndipo a Yotamu, potsata mwambo uja, anatenga envelopu ya amayi. Ataona khaki ndi chidindo cha boma, anatsimikiza mumtima kuti ndi chipukuta misozi chochokera kuntchito kwa abambo. Kutsegula okha anaopa, kuti angadzatchedwe wakuba. Anaiika m'thumba la m'kati mwa jekete, ndipo Lamulungu lililonse tinkawaona akusisita pachifuwa nthawi ya ulaliki. Ife tinkayesa ndi chisoni cha m'bale wawo.

Tsiku lometa linafika. Amuna anakhala pa timipando pakhomo la khola, pamene ankaweruzira nkhani zonse za banja. Ndowe inkanunkha, ntchentche zili ng'waa, kamphepo ka ku Viphya kakulowa m'mafupa. Akazi anakhala patali kuseri kwa nkhokwe, amayi ali pakati pawo, mutu wometedwa uli mbee. Katundu anamutulutsa n'kumuyala pansi: njinga, bulangete, nkhwangwa, sowo, ndi makina aja, fumbi likulowa m'mawilo mwake. Wotsogolera nkhani anali agogo Zakeyo, mng'ono wa agogo anga enieni, munthu woseka koma wogontha khutu lamanzere, lamanjanso likutsatira.

A Yotamu anaimirira, natulutsa envelopu ija ngati mbusa akutulutsa Baibulo.

"Ine sindine wakuba," anatero. "Kalata ya boma iyi, onani, sindinaitsegule. Itsegulidwe pano, aliyense amve, kuti mawa mlamu wanga asadzanene kuti chuma cha m'bale wanga n'chake."

Vuto linali wowerenga. Aphunzitsi anali atapita ku boma. Mwana wa a Yotamu anayesa, koma zilembo za taipi zinam'kanika pa mzere woyamba. Mkazi saima pakhomo la khola, koma agogo Zakeyo anati mwana wosakula sawerengedwa mkazi. Anandiitana. Ndinagwada pa ndowe youma ndi kuyamba: "Mayi NyaPhiri, kalata yanu ndalandira."

A Yotamu anatsokomola.

"Kweza mawu, Esinati!" anakuwa agogo. "Ukuwerengera nyerere?"

Ndinakweza, mpaka ng'ombe zinatembenuka. Kalatayo inati lamulo tsopano silikulola kuti mkazi wamasiye alandidwe katundu wa m'nyumba, ndipo iye ndi ana ali ndi gawo lawo pa chuma cha malemu. Inati palibe angam'kakamize kukwatiwa ndi munthu amene iye sakumufuna. Kumapeto inati kalata ina yofanana nayo yapita kwa bwanamkubwa ku boma, ndipo ngati pali wovuta, dzina lake litumizidwe. Kumbuyo anamatirako ndi phini tsamba losindikizidwa m'Chingerezi, la mawu amene mayiyo analankhula m'Nyumba ya Malamulo, atalemba mzere wofiira pansi pa ndime yonena za amasiye.

"Basi, basi, yewo, tamva," anatero a Yotamu, dzanja litatambasuka kuti alande pepala.

"Wamva ndiwe," anayankha agogo. "Ine sindinamve. Abwereze."

Ndinabwereza. Agogo anatembenuza khutu linalo, nati ndibwerezenso. Pamene ndinkawerenga kachitatu, mantha anali atandithera, ndipo akazi aja anali atasendera ndi matako mpaka kufika pafupi ndi khola, malo amene anali asanakhalepo chibadwire. Ndinamaliza. Kenaka azakhali anga, mlongo wawo weniweni wa a Yotamu, anaimba nthungululu imene mpaka lero imandilira m'makutu.

Agogo Zakeyo anapukuta misozi ya kuseka. "Yotamu, kalata wasunga ndiwe. Wabwera nayo ndiwe. Wati itsegulidwe pagulu ndiwe. Mbwenu ukufuna dzina lako likafike ku boma chifukwa cha makina osokera? Kodi n'kusoka komwe umadziwa?"

Masiku amenewo palibe ankafuna kuti dzina lake limveke ku boma. Mantha amenewo sindiwayamikira, anapweteka anthu ambiri osalakwa. Koma tsiku limenelo, kamodzi kokha, anaima mbali yathu. Njinga ndi ng'ombe zina anatenga akuchimuna, ife sitinatsutse. Nyumba, munda ndi makina zinatsalira amayi. Amuna omwe aja amene anatulutsa makina ndiwo anawabweza m'nyumba, amayi akuwalozera pamene miyendo yake inasiya zipsera pansi. Chokolo sichinatchulidwenso. Lolemba lake ndinapita kusukulu, ndipo sindinasiye mpaka ndinakhala mphunzitsi.

Khirisimasi itayandikira, a Yotamu anatumiza mkazi wawo ndi jekete lija, thumba la m'kati litang'ambika. Amayi analisoka ndi ulusi wowirikiza, osalipiritsa, n'kunena kuti, "Mukawauze alamu kuti thumba ili ndalilimbitsa chomene. Linatisungira kalata."

Mayi phungu uja sindinamuonepo ndi maso. Sindikudziwa ngati ankavina, mwina ankavina ndithu, popeza masiku amenewo wosavina ankafunsidwa mafunso. Chimene ndikudziwa n'chakuti analandira pepala la m'kope la samu kuchokera kwa mkazi wamasiye wosadziwika, nakhala pansi n'kuliyankha. Lero malamulo achuluka, aliyense ali ndi foni m'manja, aphungu aakazi tikuwaona pa kanema. Komabe chaka chathachi ndinaona lole ya akuchimuna ikunyamula mipando ya mkazi wamasiye pa maliro a mnansi wanga, maluwa a pamanda asanafote. Ndinalembera phungu wathu makalata awiri. Makope ake ali m'chitinimu, yankho ndikudikirabe.

Wongani anawerenga kalata ija ataimirira, kenaka anakhala pansi n'kuiwerenganso. Anapempha kuti apite nayo kusukulu akaonetse anzake. Ndinamulola kuijambula ndi foni yake, mbali zonse ziwiri, ndi tsamba la mzere wofiira lomwe. Koma ndinamuuza kuti asanajambule aiwerenge kachitatu, mokweza, chifukwa nanenso khutu lamanzereli layamba kuvuta.