Mafoni Awiri pa Bolodi Langa

Foni ya dalaivala inapereka hatchi dala. Tinali mu shedi ya matabwa ku Chikangawa, nthawi ya nkhomaliro. Bolodi la tchesi linali langa, ndinalipanga ndi zotsala za paini. Tsiku limenelo sindinkasewera. Ndinkangosuntha zidole za mbali zonse ziwiri, mmene mafoni awiri, ya dalaivala ndi ya makaniko, ankanenera.

"Yapenga imeneyo," anatero makaniko. "Hatchi yaulere?"

"Idyeni, akulu," dalaivala anayankha. "Mbwenu muona."

Foni ya makaniko sinadye. Inasuntha mfumu bokosi limodzi, basi. Ndi mmene inkasewerera. Inkatseka mipata yonse n'kumadikira, kenako n'kumatola tizidole tating'ono mpaka mnzake atsale wopanda kanthu. Ya dalaivala inali yaukali, yotaya zidole kuti ifike pa mfumu msanga. Zonse ziwiri zinandigonjetsapo. Yaukaliyo inkandimaliza tiyi asanazizire. Inayo inkandisiya ndiganize kuti ndili bwino.

Dalaivalayu anali wa ku Engutwini. Tinasewera naye zaka zambiri mafoni asanabwere. Akatsitsa zipika, ankabwera molunjika kwa ine. Ankakonda kutulutsa kwini msanga, ine n'kumuthamangitsa bolodi lonse, iye akundinyoza m'Chitumbuka. Akalakwitsa ankati dzanja laterereka, ndipo ndinkamulola kubweza. Kuntchito kuja munthu wocheza naye ndinali naye mmodzi yekhayo. Nthawi yopuma inali yochepa, ndipo mafoni anayamba kuitenga yonse.

Masewero a mafoni aja sanathe. Makina anadzuka, foni ya makaniko ikuganizabe.

Mawa lake ndinayala bolodi msanga, makaniko asanatuluke kunsi kwa lole. Ndinamuuza dalaivala kuti lero ndi ife awiri. Anakhala pansi. Anayamba bwino, mwa iye mwini, kwini panja. Ndinamutchera. Anayang'ana nthawi yaitali, n'kubweza kwini kumbuyo, n'kutseka ndi bishopu. Kusewera kumeneko sikunali kwake. Ndinasuzumira kunsi kwa tebulo. Foni yake inali pa ntchafu.

"Ndangoifunsa kamodzi, achimwene," anatero akuseka. "Inu mwakhwima chomene masiku ano."

"Ndikusewera ndi ndani?"

"Ndi ine. Iyi ikungothandiza maso."

"Izimitseni."

Anaiyang'ana, n'kuyang'ana bolodi. Chala chinali pa batani. Kenako anati tidikire kaye aone zimene inganene pa chidole changa cha kaso, akatero azimitsa.

Ndinanyamula chipewa changa n'kupita ku macheka.