Tubu ya Mpopi wa Kuseri

Chaka chimene anatisonkhanitsa mu alideyamentu, mudzi wa mpanda wa waya pafupi ndi Fingoe, ndinkagwira ntchito ya matubu, mapaipi a madzi, kwa mzungu mwini kantina, sitolo ya pamalopo, amene tinkamutcha patarau. Nkhondo inali itafika m'mapiri, koma sinyora, mkazi wa patarau wangayo, mtima wake unali pa bafa. Ankafuna beseni losamba m'manja lichoke kukhomo lipite pazenera, kuti azidziona bwino pagalasi. Ndiye kuti tubu yopita kumpopi inayenera kutalikitsidwa.

Tubu yatsopano inatsala imodzi yokha, poti magalimoto a ku Tete ankabwera mwa apo ndi apo chifukwa cha mabomba a mumsewu. Choyezera changa chinali chitatayika, choncho m'mawa ndinasenda luzi la mombo n'kuyeza nalo. Ndinalikoloweka padzuwa n'kupita kukaboola khoma. Masana ndinaliyala pa tubu, n'kudula, n'kupanga mazinga. Ine mwana wa kumudzi, womanga nkhokwe chiyambire ubwana, kuiwala kuti luzi likauma limafupika! Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo. Tubu inaperewera chikhatho chathunthu, ndipo cholumikizira ndinalibe.

Ndinachita mantha. Masiku amenewo ukawononga chinthu cha mzungu ankati akutuma ankhondo a kuthengo, ndipo otengedwa kukafunsidwa si onse ankabwerako.

Kuseri kwa kantina kunali mpopi umene patarau ankalola amayi a m'waya kutungapo. Nthawi imene azungu ankagona masana, ndinamasula tubu yake yaitali, n'kutseka potsalapo ndi chikuni. Ndinaidula bwinobwino, ndinakulunga ulusi pamazinga, ndinaimanga m'bafa muja. Yaifupi ija ndinaikwirira. Patarau ndinamuuza kuti tubu ya kuseri yadyeka ndi dzimbiri, iye n'kungokweza mapewa.

M'mawa mwake mkazi wanga anabwera ndi ndowa yopanda kanthu, mwana wathu wamkazi wa zaka ziwiri ali kumsana.

"Bambo a mwana, mpopi wauma. Amisiri simungauone?"

"Wawonongeka, mayi. Tidikire magalimoto."

"Ha, mmisiri wa madzi, kwawo akumwa matope!" anatero akuseka.

Unali mwezi wa dzuwa loswa mtengo. Mtsinje unali utatsala zithaphwi zimene ng'ombe zinkamwamo, ndipo asilikali ankatsegula chipata kanthawi kochepa, kosakwana kufukula mchenga kuti madzi ayere. Nkhuni zowiritsira zinalinso kunja kwa waya. Tsiku lililonse ndinkati mawa ndiulula, mawa ndibweza. Sindinabweze. Ndinali wamantha, palibe dzina lina.

Sabata yachitatu mwana anayamba kutsegula m'mimba. Maso analowa, liwombo linagwa. Anadwala ana ambiri, koma wathu anatisiya tsiku lachisanu la matendawo.

Amayi osambitsa maliro anati madzi a m'zithaphwi sangasambitsire mwana. Ndinanyamula ndowa ndekha, anthu akundiyang'ana, mpaka kukantina. Sinyora atamva anagwira pakamwa, n'kundilowetsa m'bafa muja. Ndinatsegula mpopi watsopano. Madzi anatuluka oyera, amphamvu, polumikiza posadontha ngakhale kadontho. Ntchito yabwino kuposa zonse zimene ndinagwirapo.

Nditafika kunyumba, mkazi wanga anasuzumira m'ndowamo, maso ali otupa.

"Mzungu uja ali ndi chifundo," anatero. "Mukamuthokoze, bambo a mwana."

Ndinati ndikathokoza. Tinakhala limodzi mpaka imvi, ndipo anamwalira akudziwa kuti mpopi uja unadyeka ndi dzimbiri.