Matumbo a Nkhuku a Lena

Mng'ono wanga Lena ndi wojambula. Sajambula papepala ayi, amajambula pa tablet, ndipo luso lake ndi lochotsa zinthu. Amayamba ndi chithunzi chodzaza, kenako n'kumafufuta mpaka patatsala mizere yochepa ndi mitundu iwiri. Ine ndinkamuuza poyera kuti zimenezi ngakhale mwana wa nazale akhoza kujambula.

Chimalizireni ku univesite amakhala kwanga ku Oldbury, kuno ku England, ntchito kulibe. Ndine nesi, ndimabwera ku shift miyendo itatupa, n'kumupeza ali pa sofa akufufuta. Mtima unkandiwawa. Ndinkamuuza kuti ku care home, kosamalira okalamba, komwe manejala wake timapemphera naye limodzi, akufuna anthu.

Kenako Michelle, nesi mnzanga wa ku Philippines, anandiuza kuti adzagulitsa zakudya pa chikondwerero cha anthu akwawo mu Birmingham, ndipo akufuna banner, chinsalu cholengeza malonda ake. Ananenanso kuti ikakongola, anzake a ma stall ena adzafuna zawo. Ndinamutchula Lena.

"Achemwali, iyi ikakanika ndigulitsa tablet, ndipite ku care kwanuko," anatero Lena. Sankaseka.

Michelle anamufotokozera pafoni zomwe amagulitsa. Pali kwek-kwek, timazira ta zinziri tokazinga mu ufa wa mtundu wa olenji. Pali mapazi a nkhuku owotcha. Koma chomwe anthu amaimira pamzere ndi isaw, matumbo a nkhuku owotcha pamakala. Atangomva matumbo ndi mapazi, Lena anadumpha.

"Ndikuzidziwa, kwathu ziliko!"

Michelle anatumiza zithunzi, Lena sanatsegule. Amati ukayang'ana chithunzi umakopera, wojambula weniweni amatulutsa za m'mutu. Nkhani yake ndi imeneyo, mwanayu makani.

Banner itabwera kuchokera kosindikiza, ndinavomera kuti yakongola. Timipira titatu ta olenji pakamtengo, pambali pake phazi la nkhuku, ndi mzere umodzi wofiirira wozungulirazungulira phazilo. Ndinamva fungo la pa chiwaya cha pa depoti ku Lilongwe. Komabe Michelle anali asanaione. Lena anafuna kuti akaionere pachikondwerero pomwepo.

Tsikulo tinafika m'mawa, utsi uli tolotolo m'paki monse. Ndinayang'ana pa waya wowotchera wa Michelle. Matumbo awo sakulunga paphazi ngati ife. Amawatunga okhaokha pakamtengo, mopindapinda. Mapazi anali kwaokha, opanda chowakulunga.

Lena anaziona nayenso. Anayala banner ija.

Michelle anaiyang'ana nthawi yaitali. Amayi ake, omwe ankakupiza moto ndi katoni, anafika pafupi n'kuloza phazi lija, kufunsa m'chilankhulo chawo. Michelle anamasulira mwaulemu, koma ulemuwo ndi umene unapweteka.

"Akufunsa kuti chakudya ichi n'chakuti. Lena, ndi yokongola, koma ndikaipachika anthu azidzafuna chinthu chomwe ndilibe."

"N'chakwathu," anatero Lena, mawu ali pansi.

Michelle anatenga katoni ina n'kulembapo ISAW ndi cholembera chakuda. Anthu anaima pamzere bwinobwino. Anatipatsa timitengo tiwiri kuti tilawe. Ine ndinadya, Lena anangogwira kake mpaka kanazizira.

Mu basi anakhala cha kuwindo, banner ataipinda pamiyendo. Ndinkafuna kumukalipira za zithunzi zija, mawu anali kale pakamwa. Koma ngodya ina inali itafunyululuka, ndipo ndinkangoyang'ana mzere wozungulira uja. Zaka zonse ndakhala kuno, palibe chinandibwezapo kumudzi ngati kamzere kameneko. Ndinachita mantha, mantha enieni, kuti mwanayu asiyadi kujambula.

Tikudutsa Smethwick anatembenuka.

"Achemwali, ndipatseni nambala ya manejala uja."

Foni inali m'thumba mwanga, batire lodzaza, nambala ilimo.

"Yazima," ndinatero.